Mwala wa Mkwati pa Denga

Mphepo ya chisanu itatopa ndi kuomba, chipale chofewa chitasungunuka n'kutsala pansonga za mapiri pokha, Ntate Phafoli, kapena kuti Bambo Phafoli, anasenza makwerero awo n'kulunjika kutchalitchi. Linali Lolemba. Loweruka la sabata lomwelo, Limakatso, mwana mmodzi yekhayo amene Mulungu anawasiyira, ankakwatiwa m'tchalitchi momwemo.

Ntchito yoyendera denga chisanu chikatha inakhala yawo kwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Sanali mmisiri wa makalata ayi. Mpingo wa m'mudzi wa Ha Motsoane unawasankha chifukwa anali munthu wamfupi ndi wopepuka, woti akaponda lata, latalo silidandaula. Iwo ankaitenga ntchitoyi ngati utumiki, ndipo ankaigwira akung'ung'udza nyimbo za m'buku, ngakhale mawu awo anali oti a kwaya anawapempha kalekale, mwaulemu, kuti azitamanda Ambuye chamumtima.

Chaka chimenecho mphepo sinachite masewera. Inanyamula denga la sitolo n'kukalitula kutsidya kwa mtsinje, tambala ali chikhalire pamwamba pake. Choncho Ntate Phafoli anayamba monga mwa masiku onse, koma mtima uli m'mwamba. Anazungulira panja akutola misomali imene inazuka. Anaona kuti m'mphepete monse malata atukuka ngati makutu a galu amene wamva mluzu. Kenako analowa, chipewa chili m'manja, anatseka chitseko, naphimba mazenera ndi mabulangete. Ankachita zimenezi dzuwa lili paliwombo, kuti paliponse pamene pabooka kuwala kulowe ngati nyenyezi, iwo n'kumawerenga mabowowo. Akatha pamenepo ankayang'ana mizere ya madzi m'makoma, kununkhiza chinyezi, ndi kugogoda mapaso kuti amve ngati afumbwa.

Koma tsiku limenelo sanafike n'komwe powerenga nyenyezi zawozo. Atangoyenda pang'ono mumdimamo, maso ali kumwamba, chinthu chinawamenya pamphumi kuti gu!

Inali nyali ya parafini, imene inkalendewera pa waya kuchokera kumgomba, mtengo waukulu uja wogona pakati pa denga. Kwa zaka zonsezo, kuti aiyatse nyaliyo, ankachita kukwera pabenchi, n'kunyanyamphira pabenchi pomwepo.

Anatuluka akusisita pamphumi. Panja anapeza akazi awo, Mme Malimakatso, kapena kuti amake Limakatso, atafika ndi tsache kudzasesa bwalo la ukwati.

"Mme, tabwerani kuno. Taimani pafupi ndi ine."

"Mwayamba liti zimenezo, pakhomo pa nyumba ya Mulungu?"

"Ndikufuna tiyezane. Ndikuona ngati ndatalika."

Mme Malimakatso anatsamira tsache lawo n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumagambuti.

"Inu, Ntate? Zaka makumi atatu ndakhala ndikuona dazi lanu ndili chiimire, ndipo lero ndikulionabe. Chimene chikukula ndi chotupa cha pamphumipo basi."

Pamenepo Ntate Phafoli anacheukira kutchalitchi. Ngati munthu sanakwere, ndiye kuti chatsika ndi denga.

Anabwerera mkati n'kuchotsa mabulangete onse. Kuwala kutalowa, anaona zimene mdima unawabisira. Mgomba unali utawerama ngati msana wa hatchi yokalamba, ndipo pakati pake panali mng'alu wolowa chala. Mapaso ena anali atachoka m'malo mwake. Pamwamba pa khoma la kumvuma panali posweka kumene, dothi lake lili mbwee pabenchi. Anatuluka, anaimika makwerero, nakwera.

Kumapiri kuno lata silidalira msomali wokha, limafuna mwala pamwamba. Koma denga la tchalitchi cha ku Ha Motsoane silitsindiridwa ndi mwala wamba. Mkwati aliyense akangotha kulumbira amakweza mwala wolembedwa dzina la banja lake ndi penti, n'kuuika padenga, mkwatibwi ali mkati pafupi ndi guwa kuti amve kugunda kwake pamwamba pa mutu wake. Kugunda kumeneko ndiye Ameni wa ukwati. Mwala ukakwera sutsika, ngakhale mwini wake atagona kumanda, pakuti kutsitsa mwala wa munthu n'chimodzimodzi kufufuta dzina lake m'kaundula wa mpingo.

Ntate Phafoli ankaidziwa miyalayo monga mbusa adziwira nkhosa zake. Koma zimene anaona tsiku limenelo sizinali nkhosa zawo zokha. Mkati mwa chisanu, anthu ataona malata akutukuka m'mphepete, aliyense anathamanga kukawonjezera. Panali miyala yachiwiri ndi yachitatu ya mabanja omwewo. Panali mphero yophererapo mapira, gudumu la khasu la ng'ombe, ndi chitofu chachitsulo chopanda chitseko, chonsecho cholembedwa mayina. Malata sankaoneka. Denga linkaoneka ngati mtsinje wouma umene winawake wauyanika m'mwamba.

Ndipo atayang'ana pansi, kumbali kwa tchalitchi, anaona mwala wa mkwati ukudikira Loweruka. Ntate Khoabane, bambo a mkwati Seabata, anachita kuukoka ndi ng'ombe zinayi kuchokera kuphiri. Unali waukulu ngati thole logona.

Lachiwiri masana akulu a mpingo anakumana kuseri kwa khoma, kumene kunali kadzuwa, aliyense atadzikulunga m'bulangete lake. Abusa Tsekelo, munthu wonenepa ndi wokonda mtendere kuposa chakudya, anatsegula ndi pemphero n'kupereka mwayi kwa Ntate Phafoli.

"Abale, denga lathu likutsika. Miyala yachuluka. Tikapanda kutsitsako, litigwera."

Kenako Ntate Khoabane, chimunthu cha mawu ngati bingu chimene chinakhala zaka makumi awiri m'migodi ya ku Joni, anaseka mpaka bulangete linagwa paphewa.

"Asewere, denga la sitolo lili kuti?"

"Kutsidya."

"Nanga la tchalitchi?"

"Lili pomwepo."

"Ndiye vuto lili pati? Ena madenga awo akuuluka, lathu likubwera kufupi ndi eni ake, inu mukulira?"

"Koma m'mphepetemo malata atukukadi," anatero mkulu wina wogontha khutu limodzi. "Ndaona ndi maso anga. Pakufunika miyala ina."

"Atukuka chifukwa pakati palemera!" anatero Ntate Phafoli. "Mukakhala pakati pa matiresi, m'mbali simukwera kodi?"

"Ine ndimagona pa chikopa."

Mkulu wina ananena kuti mwina si denga limene latsika, koma pansi ndi pamene pakwera, poti amayi amazira chaka ndi chaka kuyambira nthawi ya agogo awo. Anapempha kuti akumbe pansipo kufika m'mawondo. Wina anati n'kosavuta kungofupikitsa waya wa nyali. Mfundo imeneyi inakondweretsa ambiri, ndipo mlembi anailemba.

"Abale anga," anadandaula Ntate Phafoli, "Malemba anatilangiza kumanga pa thanthwe. Sanatiuze kuti tikhale kunsi kwake. Ndipo amanenanso kuti ilipo nthawi yosonkhanitsa miyala, iliponso nthawi yoitaya."

"Chabwino," anatero Ntate Khoabane akupinda manja. "Tiyambe ndi wa yani? Tchulani dzina. Wa amayi amasiye aja a kumtunda? Wa malemu abambo anu? Kapena mukunena wa mwana wanga, umene sunakwere n'komwe? Ngati simukufuna ukwatiwu, asewere, nenani, ng'ombe zanga zikudziwa njira yobwerera kwawo."

Abusa Tsekelo anakweza manja onse awiri. Anati Ntate Phafoli alankhula zoona, Ntate Khoabane alankhulanso zoona, ndipo n'chinthu chokoma abale akamalankhula zoona onse pamodzi. Anagamula kuti anthu aatali azikhala kumbuyo. Anatseka ndi pemphero.

Ntate Phafoli anabwerera kwawo akuona chinthu chimodzi chokha m'maso mwawo: Limakatso ataima pafupi ndi guwa, mutu utawerama, akudikira kugunda.

Lachitatu m'mawa anaganiza kuti munthu asanaloze chitsotso m'diso la mnzake ayambe ndi lake. Anakwera padenga, anafunafuna mwala wawo, umene anaukweza ali mnyamata wa tsitsi lonse, n'kutsika nawo. Anaunyamula pamutu kudutsa pakati pa mudzi kuti ena aone ndi kutengerapo chitsanzo. Anthu anaonadi. Asanamalize n'komwe kumwa phala la mapira, amayi a chigwirizano khumi ndi awiri anali atafika pakhomo, atavala yunifolomu, ngakhale silinali tsiku lawo. Anawazungulira, nayamba nyimbo ya nkhosa yosochera.

"Amayi, sindinachoke mumpingo ine!"

"Onse amatero, Ntate. Gwadani."

Anagwada, poti sanali munthu wokana pemphero. Anawapempherera kuti asiye mowa, umene sanaulawepo chibadwire. Anawapempherera kuti aiwale mkazi wa kutauni ya Maseru, amene iwo anayamba kumumva tsiku lomwelo. Mme Malimakatso anali chiimire pakhomo, ndipo amayiwo atapita anangonena mawu awiri: "Kaubwezeni. Pompano."

Limakatso anawatsatira mpaka kukhola la nkhosa. Anali mtsikana woonda, wa maso a mayi ake ndi msinkhu wa bambo ake.

"Ntate, kodi Seabata simukumufuna?"

"Seabata ndi mwana wabwino. Vuto ndi mwala wake."

"Iyenso akuuopa. Akuti amafuna kamwala kongokwana m'manja, koma Ntate ake akuti a kwa Khoabane sakweza nsangalabwi." Anaseka pang'ono, kenako anasiya. "Musalepheretse ukwati wanga, Ntate. Ndapota nanu."

Anamuyang'ana mwanayo. Anakumbukira ana awo atatu amene anagona kumanda kuseri kwa phiri asanayambe n'kuyenda komwe, ndi momwe uyu anabwerera iwo atasiya kale kupempha.

"Ukwati wako uchitika, mwanawe," anatero. Ndipo anasenzanso mwala uja kubwerera nawo padenga, ukulemera kuposa m'mawa.

Lachinayi anakayeza mgomba ndi ndodo imene anaidula Lolemba. Unali utatsikanso zala ziwiri. Anagwada pakati pa mabenchi, napemphera pemphero lalifupi la munthu amene nzeru zamuthera. Atadzuka anapita kwawo, anazula mtengo wa pachipata cha khola la nkhosa, n'kudzauimika m'tchalitchi, kunsi kwenikweni kwa pamene panali mwala wawo ndi wa malemu bambo awo. Sunali mtengo woti n'kupulumutsa denga. Iwo ankadziwa zimenezo. Anangoti ngati sangachotse katundu wa ena, asenze wawo wokha.

Akukhomerera kamtengo kothinitsa kunsi kwake, chitseko chinakhuluka pansi ndipo Ntate Khoabane analowa, atawerama.

"Ichi n'chiyani, asewere? Mwayamba kumanga khola m'nyumba ya Mulungu?"

"Ndi mzati wa kwa Phafoli. Mwala wa kwathu ukhale pa mtengo wa kwathu. Sindikufuna kuti abambo anga azilemetsa ena."

Ntate Khoabane anauzungulira mzatiwo. Anaugogoda ndi chala, anaugwedeza, kenako anatsonya.

"Ameneyu mukuti mzati? Chotokosera m'mano ichi? Ine ndachirikiza phiri lathunthu ku Joni, asewere, phiri la miyala yokhayokha, anthu mazana ali pansi pake. Mukufuna anthu azinena kuti miyala ya kwa Khoabane yatsamira pa kamtengo ka nkhosa za Phafoli?"

"Sindinanene zimenezo."

"Simunanene, koma kamtengo kanuka kakunena."

Dzuwa lisanapendeke, Ntate Khoabane anabwera ndi njanji yachitsulo imene inakhala kuseri kwa nyumba yawo zaka zambiri popanda wodziwa kumene inachokera. Anabweranso ndi mitengo iwiri yonenepa, umodzi wa iwo, wina wa Seabata. Anailemba mayina ndi penti yofiira.

Nkhani ya kumudzi siyenda ndi hatchi, imafika yokha. Pofika Lachisanu m'mawa banja lililonse linali litamva kuti mwala wopanda mzati ndi mwala wopemphetsa. Tsono kuno mitengo ndi yosowa, moti timaphikira ndowe zouma. Anthu anabweretsa zimene anali nazo. Anabwera ndi magoli a ng'ombe olumikiza awiriawiri, mitengo yokokera ngolo, mapaipi a madzi, ndi mafelemu a mabedi. Zigoli zonse ziwiri za pabwalo la mpira zinasowa. Amayi amasiye a kumtunda aja anaunjika zitini za parafini zodzaza mchenga mpaka zinagunda lata. Amene anali ndi miyala itatu anabweretsa mizati itatu, ndipo mwini chitofu anabweretsa inayi, umodzi pa mwendo uliwonse. Panabuka mkangano pakati pa mabanja awiri amene miyala yawo inagundana pamwamba, ndipo Abusa anaweruza kuti mizati yawo igundanenso pansi.

Ntate Phafoli ankangoyendayenda pakati pawo ndi nyundo, kuwongola apa, kuthinitsa apo. Sanalinganize zimenezi, ndipo sankadziwa ngati ayamike kapena alape. Ankadziwa kuti zitini ndi mabedi sizingalimbane ndi thole la Ntate Khoabane. Mng'alu wa pamgomba unali utayamba kulowa zala ziwiri.

Loweruka kunacha bwino, mapichesi atachita maluwa m'mudzi monse. Anthu anatsika m'mapiri pa mahatchi, atavala mabulangete awo a pachikondwerero. Fungo la nyama ya nkhosa linali ponseponse. Limakatso anafika pakati pa nthungululu, atavala diresi loyera limene mayi ake analisoka miyezi itatu, lokhala ndi waya kunsi kwake, lotambasuka ngati ambulera.

Abusa Tsekelo anatsogolera gulu mpaka pakhomo, nakankha chitseko. Chinatseguka theka, n'kugunda goli.

Mkati munali nkhalango. Guwa silinkaoneka. Mabenchi anali ataimikidwa chilili, nawonso akuchirikiza. Penapake mkatikati nkhuku inkatetera.

"Tilowa ndithu," anatero Abusa molimba mtima. "Chipata chopapatiza si chachilendo kwa ife."

Analowa chammbali, mimba atakokera mkati. Anadutsa mizati itatu. Pa wachinayi, pakati pa felemu ya bedi ndi chigoli cha mpira, anakanirira. Sanathe kupita patsogolo, sanathe kubwerera. Anyamata awiri a kwaya anawagwira mkono n'kukoka, mpingo ukuimba kuti awalimbitse mtima, mpaka anatuluka kuti phu! mabatani atatu atatsala mkati.

"Tichotseko mizati ingapo," anatero mkulu wogontha uja.

"Wa yani?" linayankha khamu lonse pamodzi.

Abusa atapezanso mpweya anati Ambuye mwini analalikira paphiri, m'ngalawa ndi m'minda ya tirigu, ndipo palibe pamene anadandaula za denga. Ukwati unachitikira pabwalo. Mphepo inkatembenuza masamba a buku, Abusa n'kumawerenga pamene yawatsegulira. Seabata analumbira chapansipansi. Limakatso analumbira momveka mpaka kumakola. Ntate Phafoli anapukuta maso ndi ngodya ya bulangete, nayamba kupuma ngati munthu.

"Tsopano mwala!" anafuula Ntate Khoabane.

Amuna asanu ndi atatu anali atakonzeka kale ndi zingwe zachikopa ndi matabwa otsetsereka. Seabata anavula jekete.

"Mkwatibwi alowe," anatero Ntate Khoabane. "Akamve Ameni wake."

"Alowa bwanji, Abusa akanika?" anafunsa Mme Malimakatso.

"Abusa ndi Abusa. Mwanayu ndi woonda ngati bango. Avule chiambuleracho, alowe ndi diresi wamba."

"Avule? Diresi limene landithera maso? Ntate Khoabane, muvule ndinu."

Anthu anaseka, koma Ntate Khoabane sanaseke. Anati mwala wogunda popanda woumva ndi mwala wakugwa kuphiri, ndipo ukwati wotero ndi wa theka. Akuluakulu anagwedeza mitu kuvomereza. Limakatso anayang'ana mwamuna wake, anayang'ana khomo lija, ndipo bambo ake anaona manja ake akupita kumsana kukafuna zipi.

"Ndilowa ine."

Mawuwo anatuluka mokweza kuposa momwe Ntate Phafoli analankhulirapo moyo wawo wonse.

"Mukufuna khutu la kwa Phafoli pansi pa mwalawo? Makutu a mwanayu anatengera anga. Ndikamva ine, wamva iye."

"Kodi zimatheka, Abusa?" anafunsa mkulu wina.

Abusa Tsekelo anayang'ana nkhope ya Ntate Phafoli nthawi yaitali, ndipo kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo anaoneka ngati amva chimene chinkanenedwa.

"Chikhulupiriro chathu chonse," anatero pang'onopang'ono, "chaima pa nkhani ya wina amene analowa m'malo mwa ena. Sindingakanize."

"Koma avale velo," anatero Ntate Khoabane, "kuti mwala udziwe amene ukumugundira."

"Ntate, ayi," ananong'ona Limakatso atawagwira dzanja. "Mwakhala mukunena sabata yonse kuti ligwa."

"Ndakhala ndikulakwitsa zinthu zambiri, mwanawe. Funsa amayi ako. Bweretsa kansaluko."

Anavula chipewa, navala velo pa dazi lawo. Palibe amene anaseka kupatula ana. Analowa chammbali, akupinda apa, kukwawa apo, kudutsa magoli ndi mabedi, mpaka anafika paguwa. Anasankha kuima pakati pa njanji ndi mitengo iwiri yonenepa ija, pakuti ngakhale pa ola loopsa munthu saleka kukhala woyendera denga. Nkhuku ija inawayang'ana ndi diso limodzi. Pamwamba ankamva mwala ukukhuluzika pamatabwa, amuna akuitanizana, malata akulira ngati nkhumba. Anayamba kuimba nyimbo ya pothawirapo pa nthawi ya masautso, mokweza, popeza panalibe wa kwaya woti awaletse.

Mwala unagunda.

Kunamveka kulira ngati mfuti. Mgomba unathyoka pakati, ndipo denga lonse linatsika kamodzi n'kamodzi, miyala ikugubuduzika kuthamangira pakati. Zitini zinaphulika, mabedi anapindika, chigoli chimodzi chinatulukira pazenera. Amuna a padenga anagwa chagada n'kutsetsereka mpaka pansi, Seabata ali pamwamba pa anzake. Fumbi linatuluka pakhomo ndi m'mazenera ngati utsi. Kenako denga linaima, litakhala pa njanji ndi pa mizati imene inapirira.

Panalibe woimba, panalibe woliza nthungululu. Nkhuku inatuluka pakhomo ikuthamanga, yotuwa ndi fumbi.

"Ntate!" anakuwa Limakatso.

Woyamba kusuntha anali Ntate Khoabane. Nkhope yawo inali itasanduka phulusa, pakuti kulira kwa mtengo koteroko anakumvapo kale pansi pa nthaka, ndipo ankadziwa chimene chimatsatira. Anataya bulangete, anagona chafufumimba, nakwawira mkati mwa fumbilo, chimunthu chonse chija, akuphwanya magoli ndi mapewa.

"Asewere! Asewere, yankhani!"

Kuchokera mkatikati kunamveka chifuwa. Kenako mawu aang'ono, osasa:

"Wagunda. Muuzeni mwanayo kuti wagunda. Ameni."

Anawatulutsa chokoka ndi miyendo, otuwa kuyambira kumutu mpaka kuphazi, velo itakulunga khosi, khutu limodzi likutuluka magazi pang'ono. Limakatso anawagwera ndi diresi lake lonse, waya ndi zonse, mpaka bambo akewo anasowa m'kati mwa nsalu. Mme Malimakatso ankalira uku akuwakalipira za jekete imene anavala, yobwereka kwa mlongo wa Mme. Ntate Khoabane anakhala pansi pomwepo. Anayang'ana khomo lija, anayang'ana mpongozi wawo amene akanakhala m'katimo, naweramitsa mutu.

Mkulu wogontha uja anazungulira tchalitchi chonse manja ali kumbuyo, nabwera kudzanena kuti ngakhale zili choncho, palibe lata ndi limodzi lomwe limene lauluka. Mlembi anafunsa ngati alembe. Abusa anati alembe mawa.

Nyama inadyedwa, magule anavinidwa pabwalo mpaka fumbi lachiwiri linakwera. Anthu anawakhazika Ntate Phafoli pampando, nawapatsa nthiti za nkhosa ndi buledi wophika ndi nthunzi. Khutu lija linkangolira, moti aliyense wobwera kudzawapepesa ankamuyankha kuti, "Zikomo, ndakhuta."

Dzuwa litapendeka anakweza Limakatso pa hatchi yoyera, chammbali chifukwa cha waya uja, kuti apite kwa mwamuna wake kuseri kwa chitunda. Ntate Phafoli anayenda nawo mpaka pamtsinje, atagwira chingwe cha hatchiyo. Pamenepo anachipereka m'manja mwa Seabata. Limakatso anawerama n'kunena kanthu kena, koma ananenera kukhutu logonthalo. Iwo anangogwedeza mutu kuvomera, pakuti chilichonse chimene akanapempha tsiku limenelo akanamupatsa. Anaima m'mbali mwa madzi akuyang'ana diresi loyera likukwera chitunda, mpaka linalowa kuseri, mwini wake ali wamoyo.